Kusamutsa Mayina

Zaka zisanu ndi ziwiri, Loweruka lililonse,
ndakhala ndikutumiza mawu kuchokera pa Lizulu pano:
mtengo wa kabichi, nkhungu imene yagona paphiri,
ndi timaganizo tanga tiwiri titatu.
Mtengatenga wanga anali kakhadi kochepa ngati chikhadabo,
kobisala kumsana kwa foni.

Koma wakalamba, kapena wakhuta.
Wakweza mtengo kawiri chaka chino chokha,
ndipo mphepo ikaomba kuchokera tsidya la msewu
amandilonjera m'Chipwitikizi,
n'kundidyera mayunitsi ngati ndaoloka malire
ndili khale pakhonde panga.
Uthenga wa Loweruka ukumafika Lachiwiri,
tomato amene ndimanenayo ataola kale.

Ndiye lero ndagula wina kwa Esinta,
pansi pa ambulera yake yosuluka ija.
Wajambula chitupa changa, wati,
Aphunzitsi, mayinawo musamutse nokha,
ine makasitomala andichulukira.

Mayina mazana awiri ndi khumi ndi anayi.
Ndawayala m'kope la masamu lotsala kusukulu,
tiyi akuzizira pambali.

A Chadzunda a ku Joni, amene sanayankhepo chiyambire,
koma tsiku lina pamaliro anandikokera pambali
n'kundilakatulira mawu anga a m'Juni osaphonya.
Nangozo wa ku Bangwe, wokonza Chichewa changa
ngakhale sindinamupemphe.
Wina ndinangomulemba kuti Wa Lole,
nkhope yake inapita ndi lole yomweyo.
Mlamu Wachiwiri. Woyambayo ndani?

Kusamuka kumaulula zimene zinagwera kuseri kwa kabati.

Pa nambala makumi asanu ndi anayi, cholembera chaima.
Lufeyo.
Tinamuika dzinja la chaka chatha, mvula ikutipanda,
koma chala changa chinakana kumufufuta.
Loweruka lililonse ndakhala ndikumuuzabe
kuti mbatatesi yakwera,
kuti mlatho wa kudimba kwake udakali wothyoka.
Kodi womwalira amasamuka nawe?
Ndamulemba. Inki ndi yanga.

Chovuta si kukopera.
Chovuta ndi funso limene wakale uja sankafunsa.
Iye ankangoponya mawu pakhomo lililonse
ngati mwana woponya miyala padenga,
ine n'kumadziyesa wowerengedwa.
Tsopano ndiyenera kugogoda:
Ndine Kadzakumanja, ndasintha nambala.
Ngati mukufunabe za Loweruka zija, yankhani kuti eya.

Ndatumiza.
Ndavundikira foni patebulo ngati mbale.
Ndapita kukatsekera nkhuku zimene zinali zotsekera kale.

Pofika madzulo, asanu ndi awiri.
Magetsi atazima, makumi anayi.
Nangozo wati eya, n'kuonjeza kuti
ndikanalemba inde, poti ndine mphunzitsi.
A Chadzunda, zii, monga mwa masiku onse,
ndipo sindikudziwa kuti ndiwaike mbali iti.
Mwana wa mchemwali wanga wati,
Amalume, pepani, ine ndimangofufuta.
Zandiwawa pang'ono. Ndamulemba mzere bwinobwino, ndi lula.

Pakati pa usiku foni yanjenjemera.
Dzina lowala pagalasi: Lufeyo.
Ndakhala tsonga, chisanu chandilowa m'mafupa.

Eya, wati uthengawo.
Bambo, sindikudziwani.
Nambalayi ndinaigula mu Ogasiti ku Mchesi.
Ndimagulitsa kabichi, ndipo mitengo yanu imandithandiza,
koma za mlatho zija, kodi anakonza?

Sanakonze, mwanawe.
Ndakuyankha choncho, osafunsa dzina lako.

M'mawa ndawerenga: makumi asanu ndi atatu, kudza mmodzi.
Otsalawo mwina ali m'tulo, mwina alibe mayunitsi,
mwina anachoka kalekale
ndipo ndinkalankhula ndi zitseko zawo.
Kakhadi kakale ndakaika m'bokosi la machesi,
pamodzi ndi batani la jekete limene ndilibenso.

Panja malole ayamba kale kupakira.
Loweruka ndi mkuja.
Ndipite ndikafunse mtengo wa anyezi.