Zofia Asanadutse

Sinowo wasungunuka, wasiya matope
ndi golovesi imodzi imene inasowa mu Disembala.
Dimba langa ndi mapazi khumi ndi awiri
kuchokera pakhomo lakuseri
kukafika pampanda wa a Wiesław.

Adyo ndiye wayamba kusuzumira.
Ndinamukwirira masamba akuyoyoka
n'kumuiwala.

Matimati akulira pazenera la kukhitchini
m'tizitini ta yogati,
makosi onse kupendekera cha ku Lublin
kumene dzuwa limatulukira mochita kunyengerera.
Njere zake zinali mu envulopu,
dzanja la Halszka: "ofiira, okoma, osapatsa aliyense."

"Osawokera tsiku la Zofia lisanadutse,"
akutero a Wiesław, chibwano pampanda,
"Meyi ndi wabodza."
Ine ndawokera pa 9. Manja amayabwa.

Usiku wa pa 12 wailesi yati chisanu.
Ndatuluka, tochi kukamwa,
kufunditsa mbande makatani akale.
Atatha makatani, malaya anga a kuntchito.
Atatha malaya, juzi yake yobiriwira ija
imene sindinaikhudze zaka zitatu.

M'mawa udzu uli mbuu, ukulira kunsi kwa nsapato.
Zitatu zafa, zili bii ngati zowauka.
Zisanu ndi imodzi zili njo.

A Wiesław sananyoze.
Angondipatsira pampanda radishi zinayi,
dothi likadali kumizu,
n'kufunsa ngati juziyo ndikaichape
kapena igone konko mpaka Lachisanu.