Mzere wa Matope

Pakhoma la laibulale yathu kuno ku Ngabu
pali mzere wofiirira wolekeza m'chiuno mwanga.
Opaka penti abwera kawiri, kawiri konse ndawabweza.
Apo ndi pomwe madzi anaima.

Usiku umenewo tinali awiri, ine ndi mlonda Jofilisi,
tochi kukamwa, mabuku pamutu,
kukweza pamwamba pa makabati
ziwerengero za mvula za zaka makumi asanu,
malipoti a thonje, a mapira, a mbozi za m'chimanga.
Mashelefu a m'munsi sitinawafikire.
Mpaka lero ndingakutchulire mayina a mabuku amene anamira.

Ndinalowa muno ndi tsache, Fanita,
iwe usanabadwe.
Bambo Alufandika anandipeza ndikuwerenga misana ya mabuku
fumbi lili chikhalire,
koma sanakalipe. Anandipatsa kabokosi ka makadi.
"Buku loikidwa posayenera ndi lotayika," anatero,
"ngakhale lili m'nyumba momwemo."
Ana anga anayi akulira mawu amenewo.

Iwe unayamba kubwera uli mu yunifolomu ya sekondale,
kuthawa dzuwa la Okutobala
lija lofewetsa phula pamsewu wa ku Nchalo,
kudzakhala pansi pa fani yathu imodzi
yolira ngati njinga ya kabaza yosowa girisi.
Mafunso ako ankatopetsa.
Bwanji ulimi uli pa 630? Anaganiza zimenezo ndani?

Lero wabwera ndi madigiri awiri
ndi kalata ya kulikulu yoti ndiwe mkulu wa laibulale ino.
Ndinakaiwerengera kuseri kwa shelefu ya nsomba.
Ndisaname, malovu anakana kutsika.
Zaka zisanu ndi ziwiri ndagwirizira mpando umenewo,
ndipo wogwirizira amakhalira thako limodzi.

Koma ndinakuona Lachiwiri lija magetsi atathima,
sikana utailumikiza ku batire ya sola,
ukutembenuza tsamba lodyedwa ndi chiswe
ngati wochotsa chitsotso m'diso la khanda.
Unati masamba awa akalowa m'kompyuta
wophunzira wa ku Bunda, wofufuza wa ku Beira,
adzawatsegula pafoni ali khale pamphasa.
Ndinati makina nawo amamira.
Unaseka. "Tisunga patatu, bambo,
monga achitira mlimi wa kudimba ndi mbewu yake:
ina kwake, ina kwa mlongo wake, ina kumtunda."
Ndinasowa choyankha, ndinakatenga madzi akumwa.

Ndiye tamvera.
Kumsonkhano wa bajeti adzakuika kumapeto,
pambuyo pa matayala a galimoto ndi mankhwala a makoswe.
Imirira ndithu, ngakhale ena atayamba kutola zipewa.
Dokotala Chapepa ali ndi mabuku athu atatu
kuyambira chaka chomwe mlatho unakokoloka;
usawalembere kalata, kawapeze pa nthawi ya tiyi.
Zenera lakumadzulo litsekedwe mwera ukayamba.
Ndipo Zuze, mnyamata wosesa uja,
dzana ndamupeza tsache lili m'khwapa,
milomo ikuyenda patsogolo pa shelefu ya nthaka.
Ukudziwa chochita.

Makiyi ndi awa, asanu ndi imodzi.
Yaing'onoyi siitsegula kanthu, kabati yake inapita ndi madzi,
koma sindinathe kuitaya.

Mawa ndibwera seveni koloko monga kale,
udzandiuze pokhala.
M'mabuku a mvula muli zilemba za Bambo Alufandika
zomwe makina ako sangazitulukire:
seveni wawo amafanana ndi wani,
ndipo kusiyana kwake ndi chaka cha njala
kapena chaka cha nyika ndi mabwato m'minda.
Ndizikuwerengera, iwe uzilemba.

Penti ikabwera kachitatu
pakani paliponse pamene mukufuna.
Mzere uwo wokha usiyeni,
kuti woyika mashelefu mtsogolo muno
adzadziwe poyambira.