Ulusi Unkaoneka

Ku Lizulu, kuseri kwa milu ya kabichi,
a Tofiyasi Ndau anali ndi chisakasa cha ziguduli,
jenereta yachifuwa, mabenchi asanu a mitengo ya paini
ndi matepi anayi.
Atatu anali a karate.
Ife tinkafera yachinayi ija,
yopanda chikuto, yolembedwa ndi bolopeni: ZAKUMWAMBA.

Tinkasenza matumba a kachewere mpaka pa basi
kuti makobidi a pakhomo akwane,
nkukhala mothinana, mapazi ali zii ndi chisanu cha Juni,
fungo la petulo ndi chimanga chootcha lili tho.

Chombo chawo chinali chivindikiro cha poto.
Palibe ankatsutsa. Ulusi unkaoneka,
nthawi zina ndi chala chomwe cha wogwira ulusiwo.
Chilombo chachikulu chinali ndi zipi kumsana
ndipo chikamathamanga munkaona nsapato za tenesi.
Msilikali wandevu uja ankafa katatu,
pa mlatho, m'chipatala, kenako pa mlatho pomwepo,
ife nkumamuwerengera mokweza.

A Tofiyasi Chizungu ankachimva mwa apo ndi apo
koma ankamasulira zonse, ngakhale kulira kwa zilombo.
Akuti chimenechi chikufunsa mtengo wa tomato.
Akuti mfumu yawo yati dziko lino ndi lozizira ngati kwa Njolomole.

Mmodzi yekha sankaseka:
Zekiya, amene anabwera ndi amake kuchokera tsidya la msewu
chaka chomwe ku Angonia kunkagona mfuti zikulira.
Pamene anthu a m'tauni ija ankathawa
ndi mitolo pamutu, mwana kumsana, wailesi m'khwapa,
iye ankayang'ana pansi, nkumakanda benchi ndi chikhadabo.
Tsiku lina anandinong'oneza:
apa pokha sananame,
munthu umathawadi ndi chinthu chopanda ntchito.
Ife tinanyamula sefa.

Mathero sitinawaonepo.
Makina anatafuna tepi, a Tofiyasi nkulumikiza ndi utoto wa zikhadabo,
ndiye mtsikana wokonza magalimoto akangokweza sipanala,
sikirini inkachita mchenga.
Apo mwini chisakasa ankaimirira, nkutsokomola,
natiuza yekha mmene zinathera.
Lolemba zilombo zinkafa.
Lachisanu zinkakwatira konkuno nkuyamba geni.
Zekiya akakhalapo, anthu onse ankabwerera kwawo
nkupeza nyumba zili chiimire, mbuzi zili pa chingwe.

Chisakasa chija pano ndi sitolo ya feteleza.
Zekiya anawoloka msewu nkhondo itatha, sindinamuonenso.

Mwana wanga Tiyanjane wandipezera filimuyo pa foni,
yathunthu, yowala bwino, ulusi ukuonekera kuposa kale.
Akuseka mpaka misozi. Akuti ababa, zimenezi munkalipira?
Iye anazolowera zilombo zosalala za pa kompyuta
zimene sizinasokedwe ndi munthu.
Ine ndikuona anthu amene ndalama zinawathera
koma anati tipangabe,
monga tinkapangira galimoto ya mawaya
mpaka kuiika chiwongolero.
Ndikuona wina akutuluka thukuta m'chikopa cha labala
kuti mwana wa ku Ntcheu, amene sadzamudziwa, agwire mpweya.

Mtsikana uja wakweza sipanala.
Kwatsala mphindi zisanu ndi ziwiri, akutero Tiyanjane.
Ndamulanda foni, ndaivundikira pa tebulo.
Khala pansi, ndamuuza,
ndikuuze mmene zinathera.