Bedi la Gerben

Loweruka lachitatu tili pabwalo la ogulitsa ku Zwolle,
kamvula kakuwaza pamapepala a mitengo omatidwa pamagalasi.
Tinyumba toyenda tafola ngati ng'ombe zodikira dibi.
Gerben watenga kope lake lakuda, tepi ili m'thumba,
ine ndatenga khofi m'fulasiki ndi mawondo odandaula.

Koyamba n'ka ku Jeremani, koyera ngati dzino la mwana,
chitseko chake chimatseka mwaulemu, osadzutsa wogona.
Sjoerd, mnyamata wogulitsa wa tayi yaifupi,
akuti injini yake imamwa dizilo ngati mpheta pachithaphwi.
Gerben sakumva zimenezo. Wavula nsapato,
wadzigoneka pabedi, munthu wa mamita awiri kuchotsapo zala ziwiri,
mapazi atulukira kukhitchini,
sokosi yobooka ikuloza firiji.
Walemba m'kope: bedi lalifupi, mtengo wautali.

Kachiwiri n'ka ku Italiya, kodzikongoletsa ngati kopita ku ukwati,
tinyale mbuu kudenga konse,
koma nditakoka kabati ya pansi pa sinki
chogwirira chinanditsalira m'manja.
Chikomekome cha mkuyu, ndinatero chamumtima,
n'kuchibisa kuseri kwa khushoni.

Ka ku Falansa kanaika shawa ndi chimbudzi m'kabowo kamodzi,
ukafuna kusamba uyambe wapempha malo kwa chimbudzi.
Tinaseka mpaka Sjoerd anayang'ana wotchi yake kawiri.

Zaka makumi atatu Gerben wayendetsa mabasi a mumzinda uno.
Ine ndine wa mpando wakumanja,
wosenda malalanje, wogwira mapu chozondotsa.
Koma lero paliponse akuti: Wietske, takhala apa.
Taponda kalachi. Ikulimba?
Pakalilole ukuona kumbuyo?
Ungabwerere chafutambuyo popanda wina kukukupizira manja?
Silinda ya gasi ungainyamule wekha?
Liwu lakuti wekha analidumpha msanga
ngati munthu wodumpha ngalande atavala suti.

Atapita kuchimbudzi, kachinayi m'mawa umodzi wokha,
ndinatsegula kope lija.
Mzere wa bedi anali ataukhwatcha ndi cholembera mpaka pepala kubooka.
Pambali pake panali mzere wina, dzina langa pamwamba:
chiwongolero chopepuka, sitepe yotsika,
giya yosintha yokha,
galaja yoyandikira kwa mng'ono wake ku Deventer.
Pakati pamasamba, yopindidwa kanayi,
kalata ya kuchipatala ija
imene ndinaiwerenga kale usiku wina iye akuliza mkonono,
n'kuibweza mwakachetechete m'thumba la jekete yake.

Kuona maso a nkhono n'kudekha.
Ndinatseka kope, n'kumwa khofi wozizira.

Kumapeto kwa bwalo, pafupi ndi mpanda ndi matayala akutha,
kanalipo kena kotuwa, kogwiritsidwa kale ntchito,
makilomita ake ochuluka kuposa tsitsi lotsala pamutu pa Gerben,
mkati mukununkha galu wa eni ake akale,
makatani a mtundu wa mpiru wofota.
Sjoerd anakadutsa osakayang'ana. Ine ndinaima.

Kalachi yake ndi mwala, anatero Gerben atangoiponda.
Mwendo wanga uphunzira, ndinayankha. Gona apo.
Anayamba kunena za giya, za mabuleki, za dzimbiri kunsi kwa chitseko.
Ndati gona.

Anagona. Mutu unapeza malo ake,
mapazi anapeza malo awo, n'kutsalanso
kadanga koti n'kuikapo buku ndi magalasi.
Ndinavula nsapato zanga zonyowa n'kugona pambali pake,
phewa kukhudza phewa, maso kudenga,
mvula ikugogoda pamwamba ndi zala zazing'ono.
Palibe anatchula Lachiwiri.

Sjoerd anagogoda pawindo, mapepala atawafunditsa jekete.
Gerben anafuna kudzuka. Ndinamugwira dzanja.
Tidikireni pang'ono, achimwene, ndinatero,
mvula ikule kaye,
tione ngati dengali likudontha.