Zala Ziwiri

Juwawo anafika Lachiwiri ndi thumba la feteleza,
m'kati mwake mabuleki a galimoto ina yakufa,
ogula kwa ophwasula magalimoto ku Liwonde.
Anawakhuthulira pansi ngati mitu ya mbuzi.
Akuti, amisiri, ndimangireni awa.
Aja anabwera ndi pikapu yanga anandikana pa Chowe,
matumba makumi atatu a nandolo akundikankha kumsana,
phazi langa likupondaponda mphepo.
Chinandiimitsa ndi chulu.
Chulu, amisiri, osati ine.

Ndinayeza.
Mabowo a kalipa ali uku, a galimoto ali uko,
pakati pake zala ziwiri.
Zala ziwiri zokha, koma ndi mtsinje,
ndipo bawuti sadziwa kusambira.
Chitsulo cholumikiza magombe awiriwa
sichigulitsidwa m'sitolo iliyonse pa boma pano.
Ngakhale ku Limbe akungokuyang'ana.

Ndiye ndinayamba ndi katoni ya sopo.
Ndinaikanikiza pamabowo ndi chala cha girizi,
madontho akuda anatsala pamenepo ngati maso,
lumo linatsata pensulo.
Dinala, mwana wa mlongo wanga amene ndikumuphunzitsa,
anaseka: malume, moyo wa munthu pa katoni?
Ndinati katoni ikalakwa timataya,
chitsulo chikalakwa timakumba manda.

Chitsulo chake ndinadula ku ngolo ya thirakitala
imene inagona kuseri kwa shedi chiyambire chaka cha madzi osefukira,
chokhuthala ngati chala chamanthu,
dzimbiri pamwamba pokha, mtima wake woyera.
Girayinda inalira, nthethe zinathothokera m'mapazi,
agalimoto za Namwera anasiya kuitanira anthu, natembenuka.
Bowo loyamba linalowa bwino.
Lachiwiri lili pakati, magetsi anathima.

Tinakhala pa matayala.
Dzuwa la kuno silidikira magetsi,
linatiwotcherera malaya kumsana.
Adhana ya masana inadutsa pamwamba pa malata,
Juwawo anasamba m'manja, napita, nabwerako,
ine ndili ndi tupa, kusalaza ngodya,
chifukwa ngodya yakuthwa ndi pamene mng'alu umabadwira.
Izi sindinawerenge.
Ndinaziona pa lole ya anthu ena, mu mtsinje, miyendo m'mwamba.

Choyamba chinakana.
Gudumu pozungulira linkati tswii, tswii,
kalipa ikupsompsona limu pang'ono chabe,
mpata wosalowa ngakhale chikhadabo.
Juwawo anati zisiyeni, zidyana zokha zizolowerana.
Ndinamasula osamuyankha.
Chili apo mpaka lero, chimatsekereza chitseko.

Chachiwiri ndinamaliza Lachisanu usiku,
Dinala atagwira foni youniikira, udzudzu wa mu Shire ukumudya akakolo.
Chakumanzere ndi chakumanja, mapasa oyang'anana.
Sindinawotcherere paliponse.
Chitsulo chimodzi chathunthu, mabawuti olimba,
wachara aliyense pamalo pake,
sipanala mpaka mkono unanjenjemera.

Pano lamulo langa ndi limodzi:
wopanga amakwera nawo.
Tinawoloka mlatho m'mamawa, mchenga wodzaza kumbuyo,
kukwera mpaka nyanja ya Malombe inaoneka ngati beseni,
ndiyeno kutembenuka.
Pa khona la chulu chija Juwawo anasiya kulankhula.
Ndinamva phazi lake likutsika,
ndinamva mphuno ya galimoto ikugwada,
ndinamva zala ziwiri zija zikugwira phiri lonse.
Fungo la kutentha linalowa pawindo.
Anati amisiri, mwagwira chitseko bwanji?
Ndinati ndikuchiyeza.

Analipira theka, theka lina nandolo akagulidwa.

Tsopano amadutsa apa ndi hutala, anthu pamwamba pa katundu,
amayi a tomato, ana a sukulu, nkhuku zomanga miyendo.
Palibe amene anachionapo chitsulo changa.
Chili kuseri kwa gudumu, chavala matope a Namwera.
Koma mvula ikagwa kumapiri usiku
ndimadzuka, ndimawerenga mabawuti anayi aja m'mutu,
kenaka anayi enawo,
ndipo katoni ya sopo ija sindinataye,
ili pa msomali, pamwamba pa kalendala.