Inki Yofiira pa Mutu Wachiwiri

Dokotala Msimuko anabweza mutu wanga wachiwiri
ndi mawu anayi okha a inki yofiira:
"Mwatuta. Tsopano khalani, musankhe."

Ndinakwera njinga ya hayala mpaka ku Mchini,
masamba makumi atatu ali m'khwapa,
mtima ukuwira.
Si ine ndinawerenga mapepala makumi anayi ndi awiri?
Si ine ndinadyera ndalama ya lendi m'mabandulo,
kudikira pakati pa usiku kuti netiweki idekhe?
Aliyense ndinam'patsa ndime yake:
uyu anati, uyu anati, uyunso anati,
ngati mlembi wa pamaliro
woitana mayina a opereka chipepeso.

Loweruka ndinaperekeza mlamu wanga Zelipa ku Kapata
kukapikula nshawa.
Wogulitsa anamasula thumba,
pamwamba pali zonenepa zokhazokha.
Zelipa sanaziyang'ane n'komwe.
Anapisa mkono mpaka m'chigongono,
natulutsa za pansi, naluma imodzi, nalavula.
"Izi munaziwaza madzi. Munakumba liti? Kuti?"
Pa matumba asanu ndi awiri
anakweza awiri.

Madzulo ake ndinasuntha bedi,
ndinayala mapepala onse pasimenti
n'kuyamba kupisa mkono.

Iwe ukuti chuku chimagwira nshawa m'nkhokwe,
unafunsa alimi angati?
Khumi ndi awiri,
onsewo a m'mbali mwa msewu wa tala.
Iwe ukuti chimayambira m'munda,
unayeza nyengo imodzi, nayonso ya chilala.
Inu asanu ogwirizana ngati kwaya,
ndalondola mapazi anu:
nonse munatunga pachitsime chimodzi,
lipoti lakale la masamba achikasu,
ndipo lipotilo linati "mwina".
"Mwina" ameneyo munam'taya pati?
Nanga inu a dzina lolemera,
wolipira ulendo wanu
si yemwe uja amagulitsa matumba amene mukuwatamawa?

Magetsi anazima. Ndinayatsa tochi ya foni.

Ndinaleka kuwandandalika monga mwa zaka zawo.
Onena za chinyezi ndinawaunjika kukhomo,
onena za mbewu pafupi ndi mbaula,
otsutsana ndinawakhazika moyang'anizana
kuti aliyense amve mnzake akuyankha.
Khumi ndi asanu ndi anayi ndinawabweza m'katoni:
ndi abwino, koma anabwerera mlandu wina.

Panali limodzi, la mayi wina Thole,
limene ndinalibisa pansi penipeni
chifukwa limagwetsa zimene ndinkafuna kupeza.
Ndinaliwerenganso kawiri, kusaka pobooka.
Maboma anayi, nyengo zitatu, masamu osatsimphina.
Ndinaliluma, linali louma.
Ndinaliika patsogolo, mano ali gwa.

Cha m'ma folo, atambala a kwa aneba atayamba,
ndinaona pasimenti malo opanda pepala.
Onsewa anayeza dothi, nkhokwe, matumba, mvula.
Nanga manja?
Amayi a ku Vubwi amene amanyowetsa makoko
kuti zala zisang'ambike posenda,
anawafunsa ndani?
Ndinalemba: "Palibe amene anafufuzapo."
Ndinayang'ana mawuwo, ndinakumbukira "mwina" wotayika uja,
ndinafufuta.
Ndinalemba: "Mwa amene ndawapeza, palibe,"
n'kutchula pomwe ndinasaka, ndi mawu amene ndinasakira,
kuti wobwera pambuyo adzapise nayenso
m'thumba langali.

Masamba makumi atatu anasanduka khumi ndi limodzi.
Zelipa anawanyamula m'manja, nati,
"Sukulu yanuyi, mukamalimbikira katundu amachepa?"

Lachinayi inki yofiira inabweranso,
yochepa, yopendekera m'mphepete mwa tsamba lachisanu ndi chinayi:
"Apa mwawayambanitsa bwino.
Koma inuyo mwaima mbali iti?"

Ndakhala pano pasitepe ya laibulale,
phiri la Kanjala likuchita utsi wa lupsa,
cholembera chili kukamwa.
Wanjinga wandiimbira belu kawiri.
Ndamuuza apite.