Chivindikiro

Ku Barnsley, nyumba nambala 14, mumsewu wa njerwa zakuda,
ndimafika seveni koloko, kunja kusanayere.
Mayi Pickersgill amandidikira pampando wawo,
manja ali pamiyendo ngati chinangwa
chimene chinakulira pamwala.
Nyamakazi inapinda zala zonse,
n'kusiyako chimodzi cholozera.

Botolo la mankhwala a mtima ndi laling'ono,
koma chivindikiro chake ndi nkhani ina.
Dinikiza, potokola, dinikizanso,
icho n'kumangoti tche-tche-tche, ngati chikukuseka.
Anachipanga dala chotero
kuti mwana asatsegule.
Ndi lamulo labwino, ine sinditsutsa.
Amene analilemba mwina anaonapo
kabokosi koyera kakutsikira m'manda.

Koma manja awa sanawaone.

Ndiye Loweruka lina, ine kulibe,
mayi anatenga mpeni wodulira buledi
nalimbana ndi botolo mpaka linagonja.
Mapiritsi onse anawakhuthulira m'kambale ka shuga,
kaja ka maluwa abuluu kamene anagula ku Skegness,
nakaika patebulo pafupi ndi rimoti,
pofika dzanja popanda kudzuka.
"Tsopano ndine mfulu," anandiuza Lolemba.
Ndinaseka nawo. Inde, ndinaseka.
Ndinalemba m'buku kuti amwa,
n'kuthamangira basi,
poti pakhomo lililonse anandiyezera mphindi makumi awiri
ngati mchere wapamsika.

Mwana wawo Gaynor analibe nkhawa.
Kwake mankhwala amagona paliponse,
m'chikwama, pawindo, pambali pa bedi.
"Ali ndi zivindikiro zija," ankatero.
Chivindikiro chinasanduka mlezi,
maso a kholo n'kupita kutchuthi.

Lamulungu anabwera ndi Imogen wa zaka zitatu.
Ketulo inalira kukhitchini.
Gogo anali atawodzera.
M'kambale munali tinthu tapinki, tozungulira,
ndipo palibe mwana padziko lapansi
amene sadziwa ntchito ya kambale ka shuga.

Magetsi abuluu anavina pamakoma a msewu wonse.

Anapulumuka.
Masiku atatu ali ndi mapaipi m'mphuno,
kenako anapempha jusi.
Gaynor sanandilankhulenso,
amangondidutsa pakhomo ngati chikhomo chopachikapo majasi.

Kenako kunabwera anthu a mafayilo,
anthu aulemu, ovula nsapato polowa.
Anakhoma kabokosi kachitsulo pakhoma,
kiyi n'kundipatsa ine.
Ichinso ndi chanzeru. Ndinasainira.
Tinatseka khwawa limene madzi anadzera,
aliyense n'kupita kwawo mtima uli m'malo.

Lero kwagwa chipale chofewa.
Mabasi aima. Foni ya ku ofesi ikungoitana.
Ndaima pasiteji kuyambira sikisi,
zala za kumapazi sindikuzimvanso,
ndipo makilomita asanu ndi awiri kuchokera pano
mayi wina wakhala pampando,
akuyang'ana kabokosi pakhoma,
mtima wake ukudumphadumpha ngati njinga yothothoka tcheni.

Palibe mwana angafike pa mankhwala aja lero.
Palibe aliyense.

Ndapisa dzanja m'thumba la jasi.
Kiyi alimo, wozizira, wotetezeka bwino.
Ndayamba kuyenda wapansi.